SUKULU YA PA MBOMBWE: ZAKA 100 CHITSEGULIDWENSO

Mwa zinthu zimene Bungwe lino liyenera kukumbutsa anthu a m'boma la Chiradzulu m'lipoti la chaka, palibe choposa mbiri ya sukulu ya pa Mbombwe, ya Providence Industrial Mission, imene ambiri aitchula P.I.M. Chaka cha 2026 ndicho chokwanitsa zaka 100 chitsegulidwenso mishoniyi ndi sukulu yake. Sukulu zambiri zakale m'dziko muno zinayambidwa ndi Azungu. Koma iyi mwini wake anali mwana wa m'boma lomwe lino.

Mbusa John Chilembwe anakomana ndi Joseph Booth m'chaka cha 1892, nagwira ntchito pakhomo pake. M'chaka cha 1897 anamuka naye ku America, kumene anaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College, mumzinda wa Lynchburg. Pobwera kwao m'chaka cha 1900, mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, anakhazika mishoni pa Mbombwe. Mbusa L. N. Cheek anafika kudzamthandiza mu 1901, ndipo Mayi Emma DeLany anatsatira mu 1902. Pofika chaka cha 1906 onse awiri anali atachoka, ntchito yonse inatsala m'manja mwa eni dziko.

Pamalopo ana anaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Chingerezi, pamodzi ndi Mau a Mulungu. Koma monga dzina la mishoni linena, ntchito za manja sizinatsale m'mbuyo: anyamata analima ndi kuumba njerwa, pamene Mayi Ida Chilembwe anaphunzitsa atsikana ndi amayi kusoka. Mbusayo anafuna kuti munthu wakuda avale bwino, aleke mowa, ndi kudziimira yekha pamaso pa Mzungu. Pofika chaka cha 1912, ana a m'sukulu zake zonse anali ngati 1,000.

Mavuto sanachedwe. Anthu ambiri a mpingowu, makamaka Alomwe ochokera ku dziko la Apwitikizi, anakhala pa minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, kumene anagwira thangata m'malo mwa lendi. Eni mindayo sanafune kuti antchito ao aphunzire, ndipo woyang'anira wake, W. J. Livingstone, anatenthetsa nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe anamanga. Pamwamba pa izi panadza njala, msonkho wa nyumba, ndi nkhondo ya 1914 imene inatenga amuna kukasenza mtengatenga. Tsono usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira, Livingstone naphedwa. Pa 3 February Mbusayo anaomberedwa alikuthawira ku malire. Asilikali anaphulitsa tchalitchi chachikulu cha njerwa, Boma linatseka mishoni, ndipo ana anamwazika. Zaka 11 pa Mbombwe sipanamveke belu la sukulu.

Koma mbeu inali itafesedwa kale. Mmodzi wa ana oyamba a sukuluyi, Daniel Sharpe Malekebu, anali atatsata Mayi DeLany ku America, kumene anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College m'chaka cha 1917. Anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene anaphunzira pa Spelman. Pamene anayesa kubwera kwao mu 1921, Boma linawakaniza, pakuti dzina la Chilembwe linali loopsabe. Chomwecho anakagwira ntchito ku South Africa ndi ku Liberia. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. M'chaka cha 1926 chilolezo chinaperekedwa, ndipo Dr. Malekebu anatsegulanso P.I.M., namanga tchalitchi chatsopano, sukulu ndi chipatala. Iye yemweyo anali mmodzi wa atsogoleri a Chiradzulu District Native Association, bungwe limene linafikitsa madandaulo a anthu kwa Boma mwa njira ya makalata ndi misonkhano. Anamwalira mu 1978.

Chaka chomwecho cha 1926 ndicho chimene Boma la Nyasaland linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro. Kufikira pamenepo ntchito yophunzitsa ana inali ya amishoni okha, Boma likungoponyapo ndalama pang'ono. Patapita zaka 68, mu 1994, fizi ya ku pulayimale inachotsedwa, ndipo ana anadzaza m'makalasi kuposa chiwerengero cha aphunzitsi ndi zipinda.

Dziko lalemekeza Chilembwe poika nkhope yake pa ndalama ndi popatula tsiku la 15 January. Zimenezi nzabwino, koma chikumbutso chimene iye ndi Dr. Malekebu anadzimangira okha ndicho sukulu. Chifukwa chake Bungwe lipempha mafumu, makolo ndi onse amene anaphunzira pa Mbombwe zinthu zitatu: kuti athandize kuumba njerwa za zipinda ndi nyumba za aphunzitsi, kuti asachotse ana aakazi pa sukulu chifukwa cha ukwati kapena ganyu, ndi kuti mau a nkhalamba zimene zinaona Dr. Malekebu ndi maso alembedwe zisanapite. M'mera mpoyamba. Sukulu imene inatsekedwa ndi mfuti ndi kuukanso isafooke m'manja mwa adzukulu chifukwa cha mphwayi.