Chomwera ndi chotsitsira: mbiri ya mowa m'mawu athu

Mwezi wathawu ndinakadya pa malo ena odyera ku Lilongwe. Pa pepala la zakudya, chakudya chilichonse anachilembera mowa woyenerana nacho: chambo chowotcha ndi mowa wopepuka, nyama ya mbuzi ndi mowa wakuda. Wina mwa mowawo unali wa timakampani ting'onoting'ono, uja pa Chingerezi amati craft beer. Ndinafunsa mnyamata woperekera zakudya kuti, "Achimwene, zoyenderana mowa ndi chakudyazi pa Chichewa mungazitchule bwanji?" Iye anaseka n'kunena kuti, "Bwana, nanga si chotsitsira basi?" Yankho lakelo landitangwanitsa mpaka lero, chifukwa kwathu ndinakula ndikumva mawu ena: chomwera. Kusiyana kwa mawu awiriwa kukutiuza mbiri yaitali ndithu.

Tiyambire kumudzi. Mawu akuti mowa, amene ena amalemba moŵa, kalekale ankatanthauza makamaka mowa wa masese. Mayi ankanyika mawere, mapira kapena chimanga mpaka zitamera, n'kuyanika, n'kusinja kuti apeze chimera. Chimeracho ankachithira m'phala, n'kulisiya m'mbiya masiku angapo kuti lisase. Akaliphula msanga lisanalume, limenelo ndi thobwa, lomwe ngakhale ana amamwa. Mneni wa ntchito yonseyi ndi kufulula.

Taonani mmene mowa umenewu unkatchulidwira. Panali mowa wa dima, woitanira anthu kudzalima m'munda mwa mnzawo. Panali mowa wa chinamwali, mowa wa m'meto pambuyo pa maliro, mowa wa chikumbutso, ndi mowa wothira nsembe kwa mizimu. M'maina onsewa mulibe ndiwo kapena nsima. Mowa unkayenderana ndi ntchito kapena mwambo, osati mbale. Chifukwa chake n'chosavuta: masese ndi chakudya kale. Munthu wolima pa dima akagugudiza chipanda chimodzi, mimba inkakhala itadzaza. Angafunenso chodyera chanji?

Kenako kunabwera kachasu. Mawuwa ndi obwereka ku Chipwitikizi, cachaça, ndipo anatipeza kudzera m'chigwa cha Zambezi, kumene Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Njira yomweyo ndi imene inatibweretsera nsapato, kalata ndi mbatata. Ophunzira galamala aonepo kanthu apa: ka- wa mu kachasu si ka- wochepetsa uja wa mu kamwana kapena kanyumba. N'chifukwa chake timati kachasu wamphamvu, osati kamphamvu. Mneni wakenso ndi wina. Kachasu safulula, amatcheza, ndipo woyamba kudontha mu paipi amamutcha mutu. Mosiyana ndi masese, kachasu sakhutitsa. Womwa ali ndi njala amagwa msanga, choncho pamalo otcheza panayamba kufunika kanthu kogwiriziza m'mimba.

Dzina la Chibuku lili ndi nkhani yakeyake. Mowawu anayamba kuufulula ndi Max Heinrich ku Kitwe m'dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1950. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yoti mkuluyu ankalemba kafululidwe kake konse m'buku, ndiye dzina linachokera pamenepo: buku, kuphatikiza chi- wokuza, monga timanenera chinyumba kapena chimunthu. Kunena zoona, Chibuku ndi masese omwe aja, kungoti achoka m'manja mwa mayi ndi mbiya yake n'kulowa m'fakitale ndi m'paketi. Ngakhale mwambo wokhutchumula paketi usanamwe ndi womwe uja wovundula chipanda kuti masese asatsalire pansi.

Mu 1968 kampani ya Carlsberg inatsekula fakitale yake ku Blantyre, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark, ndipo mu 2016 kampani ya Castel ya ku France inagula gawo lalikulu la bizinesiyo. Mowa wa m'botolowu anthu anangoutchula potengera mtundu wa pepala lake: Green, Brown. Koma dzina lomwe limandisangalatsa ine ndi Kuche Kuche. Tsinde lake ndi -cha, la mu kunja kwacha. Kuche ndi mawu okhumbira, ngati kunena kuti kuche ndithu, tidakali pompano. Kubwereza mawuwo kukusonyeza kuti mchezo ndi wautali. Apanso dzina likunena za nthawi ndi macheza, osati chakudya.

Komabe ndi pa malo omwera a m'tauni ndi m'matireding'i senta pomwe mowa ndi chakudya zinakhala pa ubwenzi weniweni. Panja pa bala sipalephera kanyenya, tizidutswa ta nyama toviika mu mchere ndi tsabola. Pali mang'ina, ziboda za ng'ombe zophikidwa mpaka kufewa, zomwe msuzi wake amati umadzutsa munthu wa matsire. Palinso chiwaya. Poyamba chiwaya chinali chiwiya chokazingira chimanga kapena mtedza, koma lero tikati tikumane pa chiwaya tikutanthauza malo, tchipisi, nyama ndi wogulitsa yemwe.

Tsopano tibwerere ku mawu awiri aja. Chichewa sichifuna dzina lapadera la kuyenderana kwa chakudya ndi chakumwa, chifukwa ntchitoyo imagwiridwa ndi kam'phatikiri ka -er- kapena -ir- mkati mwa mneni. Timati ndiwo zodyera nsima, mbatata yomwera tiyi. Tikati kanyenya ndi chomwera, mwini bwalo ndi mowa, nyamayo ikungoperekeza. Tikati mowa ndi chotsitsira, zinthu zatembenuka: mwini bwalo ndi chambo, mowa wangobwera kudzathandiza. Mnyamata uja sanalakwitse ayi. Anatchula ndendende zomwe pepala lija linkachita, zomwe ndi zachilendo m'mbiri ya mowa kuno.

Chomwe chikundidandaulitsa n'chakuti pa mapepala otere simupezapo masese kapena thobwa. Mowa wofululidwa pang'onopang'ono, ndi munthu mmodzi wodziwa chimera chake, ukakhala m'botolo timaupatsa ulemu ndi dzina la Chingerezi. Ukakhala m'mbiya timaunyoza kuti ndi wa kumudzi. Chonsecho luso lake ndi limodzimodzi, ndipo azimayi athu analiyamba kalekale. Ana ambiri a m'tauni lero sadziwa dima, chipanda kapena kusiyana kwa kufulula ndi kutcheza. Inu ophunzira, mukapita kumudzi pa holide, kakhaleni pansi ndi agogo amene amafulula. Kawafunseni dzina la phala pa tsiku loyamba, lachiwiri mpaka lomwera, ndipo mukalembe monga momwe akutchulira kwanuko.