Mabaji Awiri pa Kampani ya Microsoft

Kampani ya Microsoft, imene Bill Gates ndi Paul Allen anaiyambitsa mu 1975 mumzinda wa Albuquerque, inakhazikitsa likulu lake ku Redmond m'chigawo cha Washington mu 1986, chaka chomwe inayambanso kugulitsa masheya ake pamsika, ndipo panthawiyo antchito ake ankangopitirira pang'ono 1,000. Pofika mu 2000 analipo pafupifupi 39,000. Olemba mapulogalamu a kompyuta ankapatsidwa aliyense ofesi yakeyake yokhala ndi chitseko, koma ankagwira ntchito mpaka usiku, makamaka tsiku lotulutsa pulogalamu yatsopano likayandikira, ndipo chimene chinkawalimbitsa mtima sichinali malipiro apamwezi ayi, koma masheya, omwe ndi magawo a umwini wa kampani. Wolembedwa ntchito yokhazikika ankalonjezedwa kuti adzagula masheya m'tsogolo pamtengo wa tsiku limene lonjezolo laperekedwa, choncho mtengo ukakwera, monga unkachitira pafupifupi chaka chilichonse pamene mapulogalamu a kampaniyo a MS-DOS ndi Windows ankafalikira, phindu lonse linkakhala lake, ndipo anthu masauzande analemera mwa njira imeneyi.

Komabe m'nyumba zomwezo munalinso gulu lina, limene mbiri ya makampani otere siikonda kulitchula. Pofuna manja ambiri mofulumira, kampaniyo inkatenga anthu oyesa mapulogalamu, okonza zolembedwa ndi ena n'kuwasainitsa mapepala ovomereza kuti ndi odziimira paokha, kutanthauza kuti analibe gawo pa masheya kapena pa ndalama zosungira ukalamba, ngakhale kuti ena anakhala pantchitoyo zaka zingapo, m'magulu omwewo ndiponso pansi pa mabwana omwewo. Kusiyanaku kunkaoneka ndi maso, chifukwa okhazikika ankavala baji yabuluu pomwe aganyu ankavala yaolenji.

Cha m'ma 1989 ndi 1990, bungwe lotolera misonkho la boma la America linafufuza nkhaniyi ndipo linapeza kuti, malinga ndi mmene ankalamulidwira pantchito, anthuwa anali antchito enieni a kampaniyo. Microsoft inalemba ena mwa iwo ntchito yokhazikika, ndipo ena inawapempha kuti azilandira malipiro kudzera m'makampani opereka antchito aganyu. Zimenezi n'zimene zinabala mlandu wotchedwa Vizcaino v. Microsoft, umene odandaula ankafuna, mwa zina, ufulu wogula masheya pamtengo wotsitsidwa ndi 15 peresenti monga ankachitira anzawo. Khoti la apilo la chigawo chachisanu ndi chinayi linagamula mowakomera mu 1996 komanso mu 1997, poona kuti pepala limene munthu wasaina silingafafanize ubale weniweni wa wolemba ndi wolembedwa ntchito, ndipo mu December 2000 kampaniyo inavomera kupereka madola 97 miliyoni kuti mlanduwo uthe. Mkati mwa zaka zomwezi, mu 1998, ena mwa aganyuwo anayambitsa bungwe la apantchito la WashTech, chinthu chimene chinali chachilendo pakati pa anthu a zamakompyuta.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamulocho, ngakhale chinali cholungama, sichinachotse malire a pakati pa magulu awiriwa, koma chinachititsa kuti makampani awalimbitse. Maloya anayamba kulangiza mabwana kuti asamalole waganyu kukhalitsa kapena kuoneka ngati mmodzi wa okhazikika, ndipo Microsoft inakhazikitsa lamulo lakuti wobwera kudzera m'kampani ya aganyu akagwira ntchito chaka chimodzi azichoka kwa masiku 100 asanabwerenso, masiku amene ankayenera kudzipezera yekha chochita.