Mbiri ya Mphesa za Riesling

Mwana wokulira ku Ndirande kapena ku Chilomoni amamva dzina la mphesa asanazione ndi maso. Amalimva m'tchalitchi, m'mafanizo a m'Buku Lopatulika ndiponso pa Mgonero wa Ambuye. Pamsika amaona mango, masuku ndi nthochi. Mphesa zikapezeka n'zam'sitolo, zochokera ku South Africa, ndipo mtengo wake ngoboola m'thumba. Kodi n'chifukwa ninji chipatso chotchuka choterechi sichinakhale mbewu ya m'minda ya ku Blantyre? Mbiri ya mtundu umodzi wa mphesa, wotchedwa Riesling, ingathandize kuyankha funsoli.

Riesling ndi mphesa zonunkhira ngati maluwa, zopangira vinyo woyera, ndipo kwawo ndi m'chigwa cha mtsinje wa Rhine ku Germany. Dzinali likupezeka m'kaundula wa pa 13 March 1435, m'mene kapitawo wa mfumu ya ku Katzenelnbogen analemba ndalama zogulira mbande zake ku Rüsselsheim. Mbewuyi imakonda kuzizira. M'nyengo ya chisanu mpesa umayoyola masamba n'kupumula. Ukaphuka, zipatso zake zimapsa pang'onopang'ono, ndipo kuchedwa kumeneko ndiko kumasunga fungo ndi kuwawasa kwake.

Chaka chosaiwalika ndi 1775. Munda wa Schloss Johannisberg unali wa bishopu wa ku Fulda, ndipo antchito sankaloledwa kuthyola mphesa asanalandire mawu ake. Chaka chimenecho mthenga wonyamula chilolezo anachedwa panjira. Antchito anangoti kakasi, kupenyerera zipatso zikufota ndi kuchita chuku. Thukuta la chaka chathunthu linaoneka ngati lapita pachabe. Mthengayo atafika, anathyolabe zofotazo pofuna kupulumutsako pang'ono. Zodabwitsa! Vinyo wake anatuluka wotsekemera ndi wonunkhira kuposa wa zaka zonse, pakuti chuku chija chinaboola khungu la zipatso, madzi n'kuuma, shuga n'kutsala. Kuyambira pamenepo alimi anayamba kuchedwetsa dala kukolola, ndipo vinyo wotere amatchedwa Spätlese mpaka lero.

Kuno kumwera kwa Africa mphesa zinadza ndi Adatchi. Jan van Riebeeck anafinya vinyo woyamba ku Cape pa 2 February 1659. Apa mbiriyi njomvetsa chisoni, chifukwa minda imeneyi inakula ndi manja a akapolo, ena a iwo ogwidwa ku Mozambique. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, eni minda ambiri ankalipirabe antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe umene unaononga mabanja kwa mibadwo ingapo. Ngakhale dzina lenilenilo linasokonezeka: kwa zaka zambiri vinyo wolembedwa kuti Cape Riesling ankapangidwa ndi mphesa zina za ku France, zotchedwa Crouchen. Riesling weniweni amachita bwino m'madera ozizira okha, monga ku Elgin.

Nanga ku Blantyre? Mzindawu uli pamtunda, ndipo chiperoni cha mu June ndi July chimanjenjemeretsa anthu ku Bangwe. Komatu kuzizira kumeneko n'kochepa kuti mpesa wa Riesling upumule mokwanira. Choipa china ndi mvula. Imagwa kuyambira November mpaka April, m'nyengo yotentha imene mphesa zimayenera kupsa, motero chuku chimene chinalemeretsa Johannisberg kuno chingangoziwoletsa. Mpesa umodzi kapena iwiri ingamere pakhomo, koma munda wa vinyo ayi.

Choncho anthu a ku Zingwangwa ndi Machinjiri anapitiriza kufulula masese a chimanga ndi mawere monga ankachitira makolo awo, ena n'kumatcheza kachasu mobisa. Ndipo fakitale yaikulu ya zakumwa itatsegulidwa mumzindawu mu 1968, inali ya mowa wa Carlsberg, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark.