Mtima Watsopano, Zida Zakale: Mbiri ya Linux

Anthu ambiri amene ali ndi foni ya mtundu wa Android m'thumba mwawo sadziŵa kuti m'kati mwa foniyo muli pulogalamu imene idayambidwa ndi mnyamata wa sukulu ku Finland m'chaka cha 1991. Dzina la pulogalamuyo ndi Linux. Ndiyo imene imayendetsa makompyuta ambiri osunga nkhani za pa intaneti, ndipo pofika mwezi wa Novembala 2017 makompyuta onse 500 amphamvu koposa pa dziko lapansi adali atayamba kugwiritsa ntchito iyo. Nkhani ya lero ikulondola vuto limodzi limene lakhala likutsata Linux kuyambira tsiku loyamba. Vutolo ndi ili: pulogalamu ikasinthidwa ndi yatsopano, nthaŵi zina chida chimene dzulo chinkagwira ntchito bwinobwino chimangokhala duu, chonsecho sichidathyoke ndipo sichidapse.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kuyamba ndi kapangidwe ka kompyuta. Kompyuta ili ndi mbali ziŵiri. Pali zida zogwirika ndi manja, monga kiyibodi, disiki yosungira zolemba, makina osindikizira, ndi purosesa, amene ndi ubongo wa makinawo. Palinso malangizo olembedwa ndi anthu, ouza zidazo chochita. Pakati pa malangizo onseŵa pali ena amene ntchito yawo ifanana ndi ya kapitawo pa esiteti: amagaŵa ntchito, amaona kuti wina asalande malo a mnzake, ndipo chilichonse chopita ku zida chimadzera mwa iwo. Akatswiri amaŵatcha kernel, ndiye kuti phata kapena mtima wa pulogalamu yonse. Linux ndi kernel. Tsono chida chilichonse chili ndi chilankhulo chakechake, kotero kuti kapitawoyu amafuna womasulira pa chida chilichonse. Womasulirayo ndi kapulogalamu kakang'ono kotchedwa dalaivala, ngakhale kuti sikayendetsa galimoto ayi. Dalaivala akasoŵa, chida chimasanduka chitsulo chabe.

Vutoli ndi lakale kuposa Linux. M'chaka cha 1969 Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, a ku Bell Labs m'dziko la America, adayamba pulogalamu yotchedwa Unix pa makina a PDP-7. Masiku amenewo pulogalamu yoyendetsa kompyuta inkalembedwera makina a mtundu umodzi basi, ndipo makinawo akatha, pulogalamu inkapita nawo kumanda. M'chaka cha 1973 aŵiriŵa adalembanso Unix m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C, ndipo patapita zaka zoŵerengeka zidatheka kuisamutsa kupita pa makina a mtundu wina. Apa mpamene anthu adaona kuti pulogalamu ikhoza kukhala ndi moyo wautali kuposa chitsulo chimene idabadwiramo.

Koma panali chopinga china, ndicho chinsinsi. Cha m'ma 1980, ku sukulu ya ukachenjede ya MIT, kudabwera makina osindikizira a kampani ya Xerox amene ankatsamwa mapepala kaŵirikaŵiri. Richard Stallman, mmodzi wa akatswiri a kumeneko, adafuna kukonza malangizo a makinawo kuti azichenjeza anthu pepala likatsamwa, monga adachitira ndi makina akale. Atapempha malangizowo adakanizidwa, popeza amene adali nawo adalonjeza kuti sadzaonetsa munthu wina. Stallman wakhala akunena kuti nkhani imeneyi ndi imodzi mwa zimene zidamuchititsa kuti m'chaka cha 1983 ayambitse ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu amene munthu aliyense ali ndi ufulu woŵaŵerenga, kuŵasintha ndi kugaŵira anzake.

Kumayambiriro a 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki, adagula kompyuta yokhala ndi purosesa ya Intel 386. Pa 25 Ogasiti chaka chomwecho adalengeza kuti akulemba kernel yake mongosangalala. Iye mwini sadayembekeze zambiri. Adachenjeza kuti ntchitoyo idamangidwa pa 386 mosasunthika, ndiponso kuti mwina sidzatha kulankhula ndi disiki ina iliyonse kupatula ya mtundu umene iye adali nawo m'nyumba mwake. Linux yoyamba, ya nambala 0.01, idatuluka mu Seputembala ili ndi mizere ya malangizo pafupifupi 10,000, ndipo inkangodziŵa kiyibodi ya Chifinishi. Mu Januwale 1992 mphunzitsi wamkulu Andrew Tanenbaum wa ku Amsterdam, amene adalemba pulogalamu yophunzitsira ya MINIX, adadzudzula Linux poyera kuti kapangidwe kake ndi kachikale ndiponso kuti kuimangirira pa purosesa imodzi kudali kulakwa.

Chimene chidasintha zinthu ndi chilolezo. Kumayambiriro a 1992 Torvalds adaika Linux pansi pa chilolezo cha GPL chochokera ku GNU, chimene chimati wosintha pulogalamu ndi kuigaŵa ayenera kuonetsanso poyera zimene wasinthazo. Kuyambira pamenepo munthu amene adali ndi chida chosadziŵika kwa Linux ankatha kulemba dalaivala wake ndi kumutumiza kuti aikidwe pamodzi ndi ena. Linux 1.0 idatuluka mu Malichi 1994 ili ndi mizere yoposa 176,000. Chaka chomwecho Jon Hall wa ku kampani ya Digital Equipment Corporation adakonza zoti Torvalds apatsidwe kompyuta ya purosesa ya Alpha, ndipo ntchito yosamutsa Linux kuchoka pa 386 idayamba mwamphamvu. Mu 1996 Linux 2.0 inkatha kale kuyendetsa makina okhala ndi mapurosesa angapo nthaŵi imodzi.

Pamene Linux inkakula, atsogoleri ake adakhazikitsa malamulo aŵiri amene ndiwo gwero la nkhani yonseyi. Lamulo loyamba likhudza mapulogalamu amene anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: pulogalamu imene inkayenda pa kernel yakale iyenera kuyendanso pa yatsopano, ndipo kusintha kulikonse koiononga kuyenera kukonzedwa kapena kubwezedwa. Torvalds wateteza lamulo limeneli mwaukali kwa zaka zambiri. Lamulo lachiŵiri likhudza madalaivala, ndipo ndi losiyana kotheratu. M'kati mwa kernel mulibe lonjezo loti njira zolumikizirana ndi madalaivala zidzakhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Zikhoza kusintha nthaŵi iliyonse pakapezeka njira yabwino kuposa yakale. Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyi, adalemba chifukwa chake m'chaka cha 2004, ndipo cholembacho chikupezeka pamodzi ndi malangizo a kernel.

Lamulo lachiŵirili lili ndi udindo wake. Munthu amene wasintha njira yolumikizirana ayenera kukonza madalaivala onse amene ali m'kati mwa kernel kuti agwirizane ndi kusinthako. Zili ngati mudzi ukamasamukira pa malo atsopano: a m'mudzimo amathandizana kunyamula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma amene adamanga kwayekha kuthengo amatsala, ndipo adzadzisamutsa yekha ngati ali ndi mphamvu. Dalaivala amene kampani idamusunga mwachinsinsi kunja kwa kernel ndiye wa kuthengoyo. Kernel ikasintha, palibe wina angamukonze koma kampaniyo, ndipo kampani ikaleka kugulitsa chidacho kaŵirikaŵiri imalekanso kukonza dalaivala wake.

Anthu ambiri adalaŵa zoŵaŵa za zimenezi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makompyuta otsika mtengo ankabwera ndi mamodemu amene ntchito yawo yaikulu inkachitidwa ndi dalaivala wachinsinsi wa Windows, kotero kuti woika Linux ankalephera kuloŵa pa intaneti. Zitafika zida zolumikizira popanda waya, vuto lomwelo lidabwereranso, mpaka m'chaka cha 2003 anthu ena adalemba pulogalamu ya NDISwrapper yobwereka madalaivala a Windows kuti agwire ntchito mu Linux. Chidali chigamba chabe, ndipo chinkang'ambika kaŵirikaŵiri kernel ikasintha. Mu Januwale 2007 Kroah-Hartman adauza makampani kuti akangopereka kafotokozedwe ka zida zawo, akatswiri a Linux adzaŵalembera madalaivala kwaulere. Chaka chomwecho kampani ya AMD idayamba kutulutsa poyera kafotokozedwe ka zida zake zoonetsera zithunzi, ndipo Broadcom idatulutsa dalaivala woonekera wa zida zake zopanda waya mu 2010. Kampani ya Nvidia idachedwa. Torvalds adaidzudzula poyera pa yunivesite ya Aalto mu Juni 2012, ndipo padapita zaka khumi mpaka mu Meyi 2022 pamene kampaniyo idatsegula mbali ya dalaivala wake yoloŵa mu kernel.

Sikuti vuto lililonse limachokera ku chinsinsi cha makampani. Walira mvula walira matope, ndipo kusintha kumene kumabweretsa zabwino kumabweretsanso zolakwa. Mu Seputembala 2008, pamene Linux 2.6.27 inali ikuyesedwa, anthu ena adapeza kuti zida zawo za Intel zolumikizira pa waya zaleka kugwira ntchito, ndipo ngakhale atabwerera ku kernel yakale sizidadzuke. China chake chidali chitafafaniza malangizo osungidwa m'kati mwa chida chenichenicho. Akatswiri adayamba atseka njira yolembera m'chidamo, kenaka nkufufuza kwa milungu ingapo. Chodabwitsa nchakuti wolakwa sadali dalaivala ayi, koma mbali ina yatsopano ya kernel yotchedwa ftrace, imene inkalemba pa malo osayenera.

Chifukwa cha ngozi zotere, anthu a Linux adapeza njira zodzitetezera. Kernel yatsopano imatuluka pakapita milungu 9 kapena 10. Milungu iŵiri yoyamba ndi yolandira zatsopano, ndipo yotsalayo ndi yoyesa ndi kukonza zolakwa. Kuyambira 2005 pakhalanso mndandanda wa makernel okhazikika, amene amangolandira zokonza popanda zachilendo, ndipo chaka chilichonse imodzi imasankhidwa kuti isamalidwe kwa zaka ziŵiri kapena kupitirira. Mitundu yambiri ya Linux, poika kernel yatsopano, siifafaniza yakale, kuti chida chikakana munthu athe kuyatsanso makina ndi kusankha yakaleyo. Palinso njira yosakira cholakwa. Kernel iliyonse imabwera ndi zosintha zoposa 10,000, koma pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Git, imene Torvalds adailemba mu 2005, munthu amagaŵa zosinthazo pakati, nkuyesa kuti vuto lili mbali iti, nkugaŵanso mbaliyo pakati. Akabwereza ka 14 kapena kuyandikira apo, chosintha chimodzi cholakwacho chimapezeka. Koma amene angachite zimenezi ndi yekhayo amene ali ndi chida chovutacho pa tebulo pake. Nchifukwa chake lipoti la munthu wamba limakhala la mtengo wapatali kwa akatswiri.

Ngakhale dalaivala wa m'kati mwa kernel sakhala mpaka muyaya. Lero Linux ili ndi mizere yoposa 30 miliyoni, ndipo yoposa theka ndi ya madalaivala. Aliyense wa iwo amafuna munthu womuyang'anira. Mu Disembala 2012 malangizo a purosesa ya 386, imene Linux idabadwirapo, adachotsedwa chifukwa ankalemetsa ntchito ya ena onse, ndipo Linux 3.8 idatuluka mu Febuluwale 2013 ilibe malangizowo. Mu Julayi 2019 dalaivala wa timadisiki ta floppy adalembedwa kuti ndi wamasiye, popeza womuyang'anira adalibenso chida chamoyo choyesera, mpaka munthu wina adadzipereka kumulera. Purosesa ya Itanium sidapeze mwayi wotere, ndipo idachotsedwa mu Linux 6.7 ya mu Januwale 2024.

Nkhaniyi imafika mpaka m'thumba la womvera. Kwa zaka zambiri opanga mafoni a Android ankatenga kernel ya Linux ndi kuonjezamo madalaivala awoawo osaŵabwezera ku gulu. Zotsatira zake nzakuti foni inkakhala pa kernel imene idagulidwa nayo, ndipo wopanga akaleka kuisamala, mipata yoloŵera akuba imene idatsekedwa kale kwa ena inkakhalabe yotsegula pa foniyo. Kuyambira 2021 kampani ya Google yakhala ikuumiriza opanga mafoni atsopano kugwiritsa ntchito kernel imodzi yofanana, kuti vutoli lichepe.

Mbiri ya zaka zoposa 30 imeneyi ikuonetsa kuti moyo wa chida sudalira kulimba kwa chitsulo chake chokha. Chida chimagwira ntchito malinga ngati pali munthu wodziŵa chilankhulo chake amene ali ndi ufulu ndi mtima wokonza womasulira wake. Kumene chilankhulocho chidaperekedwa poyera, makina a zaka 15 akuyendabe ndi kernel ya chaka chino. Kumene chidabisidwa, zida zabwinobwino zatayidwa kudzala zisanakalambe. Choncho sukulu, chipatala kapena ofesi imene ikufuna kugula makina oti adzakhalitse ichita bwino kufunsa, kuonjezera pa mtengo ndi liŵiro, ngati madalaivala a makinawo ali m'kati mwa kernel kapena ali m'manja mwa kampani imodzi yokha.