Sepsis: Kucira Sikuthera pa Tsiku Lotuluka M'cipatala

Sepsis ndi vuto limene limabwera pamene thupi, polimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, liyamba kuononga ziwalo zake zomwe monga impso, mapapo ndi ubongo. Kawirikawiri limayambira pa cibayo, malungo, kutsegula m'mimba, matenda a m'cikhodzodzo, zilonda, kapena matenda amene amagwira mai atangobereka.

Malinga ndi bungwe la World Health Organization, m'caka ca 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis pa dziko lonse, ndipo 11 miliyoni anamwalira. Pafupifupi theka la odwalawo anali ana osakwana zaka zisanu.

Koma ambiri mwa opulumuka amabwerera kunyumba asanapeze bwino kwenikweni. Kwa miyezi ingapo, ena mpaka zaka, amakhala otopa ndi ofooka, amapuma movutikira, amamva kuwawa m'mafupa ndipo safuna cakudya. Ena tsitsi limathothoka. Palinso amene impso zao zimaonongeka, kapena amadulidwa zala ngakhale mwendo cifukwa magazi analeka kufika m'ziwalozo.

Maganizo naonso amakhudzidwa. Wocira angathe kumaiwalaiwala, kusowa tulo, kulota zoopsa za ku cipatala, kapena kukhala ndi nkhawa yaikulu. Uwu si ulesi ayi, ndipo acibale sayenera kumukakamiza kubwerera ku munda kapena ku nchito msanga.

Madokotala amalangiza kuyamba pang'onopang'ono: kuyenda mtunda waufupi tsiku lililonse ndi kumaonjezerako, kupumula mokwanira, ndi kudya zakudya zomanga thupi monga nyemba, nshawa, mazira ndi kapenta. Wocira amwe mankhwala onse monga anauzidwira, apitirize a HIV, TB kapena shuga ngati amamwa, ndipo asaphonye masiku okaonana ndi dokotala.

Popeza thupi limakhala lisanalimbe, matenda ena amamugwira mosavuta m'miyezi yoyamba, ndipo sepsis ingathe kubwereranso. Kusamba m'manja ndi sopo, kugona m'neti yoteteza ku udzudzu ndi kusamalira zilonda kumacepetsa ngoziyi.

Ngati wocirayo watentha thupi kapena kuzizidwa kwambiri, akupuma mofulumira, akulankhula zosokonekera, kapena watha tsiku lonse osakodza, apite naye ku cipatala nthawi yomweyo. Acibale auze anamwino kuti munthuyo anadwalapo sepsis, cifukwa mankhwala akacedwa ndi maola ocepa cabe moyo ungatayike.