Makamera a m'thengo: njira yoonera nyama zoyenda usiku

Anthu ambiri a ku Mwami ndi madera ena ozungulira mzinda wa Chipata amadziwa nyama za usiku mwa zizindikiro cabe: mapazi a fisi pafupi ndi khola, minga ya nungu m'munda wa cinangwa, kapena nthenga za nkhuku zomwazika m'mawa. Masiku ano pali makamera omangirira ku mtengo amene amajambula okha nyamazi popanda munthu kucezera panja.

Kamera yotere ili ndi kacipangizo kozindikira kutentha kwa thupi la cinthu cimene cikuyenda. Nyama ikadutsa kutsogolo kwake, kamera imajambula cithunzi kapena kanema wamfupi, ndi kulemba tsiku ndi nthawi yake. Usiku imagwiritsa nchito kuwala kwa infrared kumene maso a munthu sakuona, cifukwa cake zithunzi za usiku zimatuluka zakuda ndi zoyera. Imayendera mabatire, ndipo zithunzi zimasungidwa pa kakhadi ka memori.

Luso limeneli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1890, George Shiras wa ku America anali kuchera zingwe zimene nyama ikazikhudza zinali kuyatsa kamera. Magazini ya National Geographic inasindikiza zithunzi zake m'caka ca 1906.

Kuno ku cigawo ca kum'mawa, makamerawa athandiza kwambiri ku nkhalango ya South Luangwa m'dera la Mfuwe, imene inakhazikitsidwa kukhala National Park m'caka ca 1972 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Bungwe la Zambian Carnivore Programme lawagwiritsa nchito powerenga anyalugwe. Popeza mawanga a nyalugwe aliyense amasiyana ndi a mnzake, akatswiri amazindikira nyama imodziimodzi pa zithunzi. Kafukufuku wofalitsidwa m'caka ca 2016 anaonetsa kuti anyalugwe anali oculuka mkati mwa nkhalangoyi kuposa m'dera loyandikana nalo lomwe citetezo cake ndi cocepa.

Pakhomo, kamera imamangidwa pa msinkhu wa bondo la munthu, moyang'ana njira ya nyama, pa dambo kapena kumbali kwa khola. Ndi bwino kuiyang'anitsa kumpoto kapena kum'mwera kuti dzuwa lisaononge zithunzi, ndiponso kusenga udzu wa patsogolo pake, cifukwa udzu wogwedezeka ndi mphepo masana otentha umapangitsa kamera kujambula pacabe. Nyengo ya cilimwe ndiyo yabwino koposa, pakuti nyama zimasonkhana pamene patsala madzi. M'miyezi yotentha nkhuni kamera iyenera kutetezedwa ku moto wolusa.

Phindu lake kwa mlimi ndi lakuti amadziwa comwe cikumuonongera ziweto ndi mbewu. Akaona kuti ndi ciuli, fisi, nguluwe kapena galu wa m'mudzi momwemo, amalimbitsa khola kapena mpanda moyenera m'malo mokayikira anansi ake kapena kuika poizoni amene amapha nyama zosalakwa. Eni nyumba zoyandikana ndi a nyakwawa ayenera kudziwitsidwa kamera isanaikidwe, popeza imajambulanso anthu odutsa.

Cenjezo lalikulu likukhudza ngaka, nyama yotetezedwa imene imasakidwa kwambiri ndi ocita malonda oletsedwa. Cithunzi coulula malo ake siciyenera kufalitsidwa pa Facebook kapena WhatsApp. Woiona adziwitse nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA m'caka ca 2016.