Chifukwa Chake Timati "Sitima ya Pamtunda"

Adzukulu anga, dzina limasunga mbiri. Timati "sitima ya pamtunda" chifukwa sitima imene makolo athu anayamba kuiona inali ya pamadzi, yokwera ndi Zambezi ndi Shire. Njanji inadza pamene mtsinje unalephera ntchito.

Atsamunda anafuna kuti njanjiyo iyambire pa Chiromo, koma madzi a mu Shire anaphwera, sitima n'kumakakamira pamchenga. Choncho anakaiyambira kumunsi, ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Madzi anachepabe, njanji n'kuwalondola mpaka pa Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mtsinje waukuluwo inauoloka mu 1935, pa mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, wolumikiza dziko lino ndi doko la Beira. Tisabise mawu: ngongole ya mlathowo inasenzetsedwa dziko losauka la Nyasaland, ana ake ambiri akusowa sukulu.

Komatu madzi saiwala khwawa. Mu 1997 chigumula chinadula njanji pa Chiromo pomwe paja. Mwayi wake, njira ya ku Nacala, yodzera pa Nayuchi, inali itatsegulidwa kale mu 1970.